Waphunzira inde, koma mfumu sayidzudzula pagulu

Mnyamata wina amene wangomaliza digiri ya zachuma ku Chanco wandifunsa kuti agogo ndalakwa chani. Akuti kwawo kunali msonkhano wolemba mayina a anthu oti alandire feteleza wotsika mtengo ndiye iye anaimirira nkuwauza amfumu pamaso pa mudzi wonse kuti njira yosankhira osaukayi ndi yopanda nzeru, madzulo ake amalume ake anamukalipira kuti ndi wamwano ndipo akapepese. Iye akuti sapepesa chifukwa a Thandika Mkandawire amene amawawerenga kusukulu sankaopa munthu.

Mdzukulu wanga, poti watchula a Mkandawire tiye tiwakambe bwinobwino, anyamata ambiri mumangodziwa dzina basi.

Bambowa anabadwa 1940 ku Gwanda, ku Zimbabwe kuja nthawi imeneyo tinkati Southern Rhodesia, bambo awo anali a kuno kumudzi mayi awo a konko. Sekondale anaphunzira ku Zomba Catholic, kenako ali kamnyamata anayamba utolankhani ku Malawi News nthawi yolimbana ndi chitaganya ndipo atsamunda anawatsekerako m'ndende. Atapita ku America kukaphunzira zachuma pa Ohio State University kuno kunabuka mkangano wa nduna wa 1964 uja, iwo sanabise maganizo awo pa ulamuliro wa a Kamuzu ndiye boma linawalanda pasipoti. Zaka pafupifupi 30 osaponda dziko lawo, mpaka anakakhala nzika ya Sweden. Ganizira maliro angati a pachibale amene anangowamvera patali. Iwe ukamati sankaopa munthu uzikumbukira kuti analipira, ndipo amene ankamuyankhawo anali mwini dziko, munthu woti akangotsokomola anthu kuthawa.

Ku Dakar, m'dziko la Senegal, anatsogolera CODESRIA, bungwe la akatswiri ofufuza a mu Africa, kuyambira 1986 mpaka 1996. Apa ndipomwe panali nkhondo yawo yeniyeni. Masiku amenewo World Bank ndi IMF ankabwera ndi ngongole zokhala ndi zingwe, ife tinayamba kuzilandira 1981, akuti boma lichoke m'misika, chotsani sabuside, tsitsani mphamvu ya kwacha, gulitsani makampani aboma. Amene tinkalima nthawi imeneyo tinaona misika ina ya ADMARC ikutsekedwa mavenda nkulowa ndi masikelo awo. A Mkandawire sanayankhe ndi chipongwe ayi, anasonkhanitsa ophunzira a m'maiko ambiri kuti afufuze dziko ndi dziko, ndipo mu 1999 iwo ndi Charles Soludo wa ku Nigeria, amene pambuyo pake anakhala gavanala wa banki yaikulu ya kwawo, anatulutsa buku la Our Continent, Our Future. Mfundo yawo inali yoti maiko ambiri a mu Africa chuma chawo chinkakwera ndithu m'zaka zoyamba za ufulu ndiye bodza loti boma la munthu wakuda silingatukule dziko lisiyeni. Ankanenanso kuti demokalase yathu ilibe chosankha, mumavota inde koma bajeti anakonzeratu ena kunja.

Kuchokera 1998 mpaka 2009 anali mkulu wa UNRISD ku Geneva, nthambi yofufuza ya United Nations, kenako pulofesa ku London School of Economics. Anamwalira ku Stockholm pa 27 Marichi 2020.

Tsono nkhani yako ya mayinayi, zimene unanenazo sunaname, ndipo ndikudziwa kumene unazitenga. Mu 2005 a Mkandawire ali ku Geneva analemba pepala lotsutsa zosankha osauka ochepa mmalo mothandiza onse, ankati mdziko limene pafupifupi aliyense ndi wosauka kusankhako kumadya ndalama zambiri, oyenera ena amatsala, osayenera amalowa, ndipo olandirawo amachititsidwa manyazi. Ife kumudzi tinaziona ndi maso chiyambire makuponi nthawi ya a Bingu, anthu apachibale kusiya kuyankhulana chifukwa cha thumba limodzi la Urea, mwina thumbalo nkugawana anthu anayi ndi chidebe kuti mtendere ukhalepo.

Koma ndikufunse, amene anakonza pulogalamuyo ndi amfumu ako? Amfumu amangouzidwa kuti mudzi wanu mayina akuti, iwo nkutsala ndi mutu waukulu kuti amusiye ndani pakati pa gogo wamasiye ndi mayi wa ana asanu ndi awiri. A Mkandawire ako aja ankalimbana ndi okonza mfundo ku Washington ndi m'malikulu a maboma, atanyamula manambala, iwe wakagwira wamthenga nkumuvula ulemu pamaso pa anthu ake oti mawa akawaweruze mlandu wa malire a munda. Mwambo wathu sumaletsa wamng'ono kuyankhula, umangofuna adzere pakhomo. Ukadawauza amalume ako, iwo nkukafikitsa kwa nduna za amfumu, kapena nkukutenga madzulo mukakhale pakhonde uwafotokozere mwakachetechete, ndikukuuza ine amfumuwo akadakuyamika poti nawonso nkhaniyi imawasowetsa tulo.

Ndiye kapepese. Usapite wekha, amalume ako atsogole, nkhuku ugule ndi ndalama yako osati ya mayi ako, ukafika ukhale pansi chipewa uvule ndipo mawu oyamba ayankhule ndi amalumewo. Sukukapepesa maganizo ako, amenewo asunge, ukupepesa malo ndi kayankhulidwe. Zikatha zimenezo ukhale pansi ulembe zimene unaona pamsonkhanopo, mabanja angati analembedwa angati anatsala ndipo anatsala chifukwa chani, upite nazo ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi ya VDC ndi kwa alangizi a zaulimi, kope ina kwa khansala ndi phungu wanu. Pa kalatayo uwapemphe amfumu adindepo chidindo chawo.