Zithunzi za mamembala zatupitsa fayilo ya Access: titani?

Funso: Ndine mayi, mlembi wa gulu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota. Mayina a mamembala timasunga mu Microsoft Access pa kompyuta ya mu ofesi. Chaka chino tinayamba kuikamo zithunzi zojambula pa foni kuti tipange ziphaso. Mu tebulo mumangolembedwa kuti "Package", ndipo pa fomu nkhope sizioneka. Kompyuta inayamba kuchedwa, ndinafufutamo zithunzi zina koma sizinathandize. Tsopano ndikati ndiikemo china ikulemba "Cannot open database". Kodi mayina athu apita?

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, nthawi zambiri mayina amakhala akadalimo. Musanachite china chilichonse, tsekani Access, mukopere fayiloyo pa fulashi, ndipo zonse zimene ndikuuzeni muyesere pa kope lina la pa kompyuta.

Kenako dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Properties, muone kukula kwake. Ndikuganiza kuti mupeza yatsala pang'ono kufika 2 GB. Pamenepo ndiye pothera pa fayilo ya Access, kaya ndi ya .mdb kaya ya .accdb. Ikafika apo imalemba uthenga umene mwauonawo ngakhale isanawonongeke.

Mawu aja akuti "Package" akundiuza kuti zithunzi mumaziika m'danga (field) la mu tebulo la mtundu wa OLE Object. Imeneyi ndi njira yakale. Kuti chithunzi chioneke, imadalira pulogalamu ina ya pa kompyutapo, ndipo ikasowa mumangoona kachizindikiro ndi dzina la fayilo. Ikapezeka vuto limakhala lina: chithunzi cha JPG chimasungidwa ngati bitmap, imene siipanikizidwa. Cha kamera ya 12 megapixel, chimene pa foni chili mwina 4 MB, chimatupa mpaka 36 MB. Zotere zikakwana 60, fayilo yadzaza. Ngakhale zitapanda kutupa, zithunzi 500 za 4 MB ndi 2 GB kale.

Kufufuta sikunathandize chifukwa Access sibweza yokha malo amene mwachotsamo zinthu. Nkhokwe sichepa chifukwa mwatapamo mpunga. Tsegulani Database Tools, mudine Compact and Repair Database. Onetsetsani kuti pa hard disk pali malo okwanira, popeza imayamba yapanga fayilo yatsopano isanataye yakale. Ndikupemphaninso, musachite izi magetsi akuphethiraphethira. Akazima ili mkati mwa ntchito, fayilo ikhoza kuwonongeka zenizeni, choncho gwiritsani ntchito laputopu yodzaza batire kapena UPS, kachipangizo kokhala ndi batire kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima. Compact and Repair ikakana, pangani database yatsopano yopanda kanthu, mukoke matebulo kudzera pa External Data, limodzi ndi limodzi, la zithunzi likhale lomaliza.

Ena akuuzani kuti musinthe danga lija likhale Attachment. Njirayi inabwera ndi Access 2007, imagwira pa .accdb pokha, ndipo JPG imakhalabe JPG. Kwa kagulu ka anthu makumi angapo ndi yabwino ndithu. Koma zithunzi zimakhalabe mkati, zikudya 2 GB yomwe ija, ndipo gulu la alimi limakula chaka ndi chaka. Ine sindingakulangizeni imeneyo.

Chimene ndimapangira anthu ndi ichi. Pamalo pomwe pali fayilo ya database, pangani foda yotchedwa zithunzi. Chithunzi chilichonse chitchuleni ndi nambala ya membala, monga 0147.jpg, osati dzina lake, chifukwa m'gulu limodzi a Phiri ndi a Banda amachuluka. Mu tebulo onjezani danga la Short Text lotchedwa Chithunzi, muzilembamo 0147.jpg basi. Pa fomu ikani Image control, kabokosi koonetsera chithunzi, ndipo pa Control Source yake lembani:

=[CurrentProject].[Path] & "\zithunzi\" & [Chithunzi]

Mukatero nkhope izituluka mukangotsegula membala, fayilo ili yopepuka. Musalembe njira yonse yoyambira pa C: m'tebulo, chifukwa tsiku limene mudzasamukire pa kompyuta ina zithunzi zonse zidzasowa.

Zithunzi zimene zinalowa kale mu OLE n'zovuta kuzitulutsa bwinobwino. Ngati zikadali pa foni imene munajambulira, musavutike, zitengeni kumeneko ndi chingwe. Zichepetseni mu Paint pa Resize, mulifupi mukhale mapikiselo 600, zomwe n'zokwanira chiphaso. Ngati wojambula anali ndi iPhone, yang'anani ngati dzina likuthera ndi .heic, poti zotere muyenera kuyamba mwazisandutsa JPG kuti Access izionetse. Mukatsimikiza kuti zonse zili mu foda, chotsani danga la OLE lija mu tebulo, mubwerezenso Compact and Repair.

Pokopera pa fulashi Lachisanu lililonse, tengani fayilo ndi foda ya zithunzi pamodzi. Koma ntchito musamagwirire pa fulashipo, database izitsegulidwa kuchokera pa kompyuta.