Mutu waching'alang'ala ukakupezani pa ntchito

Mayi wina wogwira ntchito ya maakaunti wandilembera imelo. Akuti mutu waching'alang'ala umawagwira kawiri kapena katatu pamwezi, kawirikawiri ali pa kompyuta, ndipo anzawo ayamba kunong'onezana kuti ndi ulesi. Akufunsa ngati awauze abwana kapena azingopirira.

Auzeni, mayi. Koma musakangoti "mutu umandipweteka", poti aliyense umamupweteka, ndipo adzakuuzani kuti mumwe panado basi. Fotokozani kuti ndi matenda a ubongo, kuti ukayamba umatha maola 4 mpaka 72, umabwera ndi nseru, kuwala ndi phokoso zimachita kubaya. Kalata ya dokotala ikhale m'manja. Kenako pemphani zinthu zotheka: desiki lotalikirana ndi windo kapena nyali yophethiraphethira, kuchepetsa kuwala kwa sikirini, chipinda cha phee choti mugonemo theka la ola, ndi mwayi wodzabweza maola tsiku lina. Pempho lotere abwana savuta nalo ngati dandaulo lopanda mutu.

Chimene chimapweteketsa ambiri ndi kuchedwa kumwa mankhwala. Mwaona timizere tong'anima m'maso, khosi lauma, mukuyasamula pafupipafupi, zizindikiro zoti mutu uli m'njira, koma mukuti ndimalize kaye lipotili. Ayi. Ibuprofen, aspirin kapena sumatriptan (mankhwala apadera a mutu waching'alang'ala) amagwira bwino ululu utangoyamba. Ukakhwima, m'mimba mumagaya mochedwa, ndiye mankhwala salowa msanga m'magazi, mwinanso mumawasanza. N'chifukwa chake malo ake ndi m'chikwama, osati pa shelefu kunyumba. Muziwerenganso masiku amene mwamwa. Mankhwala wamba opha ululu akafika masiku 15 pamwezi, kapena sumatriptan masiku 10, iwo omwewo amatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku.

Poti ndinu a maakaunti, ndikuganiza kuti mutuwu umayambitsidwa ndi zochitika za kumapeto kwa mwezi: chakudya cha masana chimadumphidwa, madzi amaiwalika, khofi amachuluka, tulo timachepa. Lembani m'kabuku tsiku lililonse limene mutu wabwera, zimene munadya, nthawi imene munagona, ndi pamene muli pa masiku a msambo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukamuonetse dokotala. Ngati ukubwera pafupipafupi, pali mankhwala oteteza omwa tsiku lililonse, monga propranolol ndi amitriptyline. Timizere tija mukamuuzenso, makamaka ngati mumamwa mapiritsi olerera okhala ndi holomoni ya estrogen, chifukwa ziwirizi pamodzi zimakweza chiopsezo cha sitiroko.

Mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo, kapena dzanja lafooka, kapena mawu akukanika kutuluka bwino, musapite kukagona m'chipinda chija. Mnzanu akuthamangitsireni kuchipatala nthawi yomweyo.