Musanayambe kumanga phukusi la Debian, onani kaye izi

Achimwene, mwafunsa za pulogalamu ija ya pa GitHub imene mumasanthulira majini (DNA) a tizilombo ta malungo, kuti mungailowetse bwanji mu Debian, mtundu wa Linux, ngati phukusi (pulogalamu yokonzedwa kale kuti ingoikidwa) kuti anzanu ku labu asamatuluke nayo thukuta poikompaila (kusandutsa code kukhala pulogalamu yogwira ntchito) pa kompyuta iliyonse, azingolemba apt install basi. Ine ndikuti pitirizani, koma musalowe m'madzi nokha, ndipo musayambire pa kukompaila.

Yambani ndi kufufuza ngati wina sanakutsogolereni kale. Gulu la Debian Med, lomwe Andreas Tille analiyambitsa mu 2002, lakhala likusonkhanitsa mapulogalamu a zachipatala ndi bioinformatics kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo samtools, bcftools, bwa, minimap2 ndi kraken2 zonsezi zilimo. Lembani apt search ndi dzina la pulogalamuyo, kenako muyang'ane pa WNPP, mndandanda wa mapulogalamu amene afunsidwa kapena akukonzedwa kuti alowe mu Debian, ngati palibe amene analengeza kuti akuigwira. Ngati palibe, mutsegule ITP yanu (Intent To Package, chilengezo choti mupanga phukusilo) kudzera pa pulogalamu ya reportbug. Uku n'kungouza anthu kuti munda uwu ndatenga ndine, kuti awiri asalime mzere umodzi.

Kenako laisensi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo nthawi yaitali. Asayansi ambiri amalemba pulogalamu yabwino, kuiponya pa intaneti, osaikamo laisensi iliyonse. Pulogalamu yotere Debian siingailandire, ngakhale aliyense akutha kuidawuniloda. Ena amalemba kuti ndi ya ntchito ya maphunziro yokha, osati ya malonda; imeneyonso siilowa mu main, gawo lalikulu la Debian, chifukwa malamulo a DFSG, amene Debian imayezera ufulu wa pulogalamu, amakana kusala ntchito ina iliyonse. Mukapeza zotere, lemberani mwini wake mwaulemu, mumupemphe asankhe laisensi ya MIT, BSD kapena GPL. Kawirikawiri sikuti anakana, sanaganizireko chabe. Ndipo musakhutire ndi fayilo ya LICENSE ya pamwamba. Tsegulani mafoda onse, chifukwa m'kati mumapezeka zidutswa zobwereka kwa anthu ena, chilichonse ndi mwini wake ndi chaka chake, ndipo zonsezo ziyenera kulembedwa mu debian/copyright. Phukusi latsopano limayamba ladikira pa mzere wa NEW kuti liwunikidwe, ndipo fayilo ya debian/copyright ndi imene imabwezetsa anthu ambiri. Ine langa loyamba linabwerera chifukwa cha kafayilo kamodzi ka C komwe sindinakatsegule n'komwe.

Zobwerekazo zili ndi vuto linanso. Mapulogalamu ambiri a majini amabwera atanyamula kope lawolawo la htslib, laibulale yowerengera mafayilo a majini, m'kati. Debian safuna zimenezo: muichotse pogwiritsa ntchito mzere wa Files-Excluded mu debian/copyright, mulumikize ku libhts-dev, htslib ya Debian yomwe ilipo kale, kuti cholakwika chikakonzedwa kamodzi chikonzeke paliponse. Dziwaninso kuti phukusi silololedwa kukatenga kanthu pa intaneti pamene likumangidwa. Ngati pulogalamu yanu imathamangitsa pip kapena git clone pakati pa kukompaila, chilichonse chimene imakatengacho chiyenera kukhala phukusi pachokha. Werengani zimenezi lero. Zikakhala ziwiri, ntchito ndi yotheka. Zikakhala khumi ndi zisanu, sankhani pulogalamu ina yaing'ono yophunzirirapo kaye.

Mafayilo ena a mu foda ya debian, control, rules, changelog ndi watch, si oopsa. Tsegulani akaunti pa Salsa, webusaiti ya Debian yosungirako code, mupemphe kulowa mu med-team, gulu la Debian Med kumeneko, mutenge phukusi lofanana ndi lanu muone mmene analembera. Mumange ndi pulogalamu ya sbuild, mumvere zimene lintian, pulogalamu yofufuza zolakwika m'phukusi, akudandaula, muikemo autopkgtest, mayeso oyenda okha, yokhala ndi data yochepa. Apa chonde, data ya odwala a kuno isayandikire n'komwe. Gwiritsani ntchito yoyesera imene imabwera ndi pulogalamuyo. Poti simunakhale Debian Developer, membala wa Debian wololedwa kukweza mapaketi, mudzafunika sponsor woti akukwezereni phukusilo, ndipo m'gulu la Debian Med amapezeka mosavuta kusiyana ndi kuyenda nokha. Anayambitsanso dongosolo lotchedwa Mentoring of the Month lophunzitsa obwera kumene.

Za kuno ku Mangochi tsopano. Chimene chimadya bandulo si pulogalamu yanu ayi, koma sbuild ikamakoka mapaketi omwewo mobwerezabwereza. Ikani apt-cacher-ng pa kompyuta imodzi, chinthu chitsike kamodzi, ena onse ku labu atengere pompo. Mumangire pa laputopu yokhala ndi batire labwino, chifukwa magetsi akathima pakati muyambiranso, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kwa kunyanja kuno makina akale amazima okha masana. Ine ndimakompaila usiku kapena m'bandakucha, nthawi imene asodzi a usipa akubwerera kumtunda.

Chimodzi chisakukhumudwitseni. Phukusi likalandiridwa limalowa mu unstable, kenako testing, magawo oyeserera a Debian, ndipo mu stable, Debian yokhazikika, limafika pokhapokha Debian yatsopano ikatuluka, pafupifupi zaka ziwiri zilizonse: bookworm inatuluka mu 2023, trixie mu 2025. Ubuntu, mtundu wina wa Linux, nayo imatengera ku Debian, ndiye idzalipeza pambuyo pake. Choncho ngati zotsatira za kafukufuku zikufunika mwezi uno, gawirani anzanu fayilo ya .deb imene mwamanga pa flash, kapena muone ngati pulogalamuyo ili kale mu Bioconda, nkhokwe ina ya mapulogalamu a bioinformatics, uku ntchito ya Debian ikuyenda pang'onopang'ono.

Akuluakulu amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma ili ndi la mtundu wina: mu fayilo ya control, pa Maintainer (wosamalira phukusi) mulembe gulu la Debian Med, inu mukhale pa Uploaders (othandizira kulisamalira). Kompaila yatsopano ikadzalithyola inu muli kumudzi kukatenga zitsanzo za magazi, wina adzalikonza.

Tumizani dzina la pulogalamuyo ndi laisensi yake, tione limodzi Loweruka lino ngati ndi yoyenera kuyambira.