Kodi okonda NASCAR angalipire kuti azionera mpikisano wopanda zotsatsa malonda?

Wowerenga wina amene amakhala ku North Carolina, m'dziko la America, wandilembera imelo. Akuti anayamba kukonda mipikisano ya magalimoto ya NASCAR potengera anzake a kuntchito, koma pali chimene chikumutopetsa: "Magalimoto akangoyamba kupanikizana, a kanema amadula n'kuyamba kutsatsa inshuwalansi. Ine ndikhoza kulipira kuti ndizionera osadulidwa. Kodi anthu ena sangalipirenso?"

Achimwene, olipira alipo ndithu, ndipo inenso ndingakhale pamzere womwewo. Koma sitingakwane kuti a kanema asiye malonda.

Dandaulo lanu ndi lomveka. Mpikisano wa Daytona 500 ndi wozungulira bwalo ka 200, mtunda wa mamailosi 500, ndipo umadya maola oposa atatu. Coca-Cola 600, wa ku Charlotte kwanuko, ndi wautali kuposa pamenepo. Mpira wa miyendo uli ndi nthawi yopumula, pomwe magalimoto sayembekeza munthu. Mukachoka mphindi zitatu mupeza wotsogola wasintha, wina wawomba khoma, wina walowa kale kukasintha matayala, ntchito imene masiku ano imatha m'masekondi pafupifupi 10. Chimene chinakweza NASCAR pa kanema ndicho kuonetsa zonse. Mu 1979 kanema ya CBS inaulutsa Daytona 500 kuyambira poyamba mpaka pomaliza mpikisano uli mkati, ndipo anthu anadzionera okha Cale Yarborough ndi Donnie Allison akugundana paulendo womaliza, kenako n'kumenyana pa kapinga Richard Petty atapambana.

Tsono tiyeni tiwerenge ndalama. Mgwirizano wa NASCAR ndi makampani oulutsa a Fox, NBC, Prime Video ya Amazon, TNT Sports ndi The CW, wa kuyambira 2025 mpaka 2031, ndi wa madola 7.7 biliyoni, kutanthauza 1.1 biliyoni pachaka. Kuti ndalama yonseyo ichoke m'matumba mwa oonera, aliyense atamapereka madola 100 pachaka, pangafunike anthu 11 miliyoni. Mipikisano yambiri masiku ano imaoneredwa ndi anthu osafika theka la chiwerengerocho, ndipo ambiri mwa iwo amaonera chifukwa aipeza ili kale pa kanema wa pabalaza. N'zoona kuti makampaniwa sadalira malonda okha, amapezanso ndalama kwa olipira pamwezi. Koma apa m'pamene pali chowawa: inu mukulipira kale, ndipo malondawo mukuwaonabe.

Za kulipira mwapadera zinayesedwapo. Mu 2007 kampani ya kanema ya DirecTV inayambitsa NASCAR HotPass, pomwe munthu ankalipira kuti azitsatira dalaivala mmodzi, kuona za m'galimoto yake ndi kumva akulankhulana ndi gulu lake pa wailesi. Pofika 2009 anasiya kulipiritsa, ndipo patapita zaka zochepa inatheratu.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa masewerawa ndi ena. Taonani galimoto iliyonse, taonani zovala za dalaivala. Paliponse pali dzina la kampani. Magulu opikisana amadalira kwambiri ndalama za makampani amenewa, ndipo kampani imalipira kuti dzina lake lionedwe ndi anthu ochuluka. Mpikisano ukabisika kuseri kwa malipiro apamwamba, oonera achepa, kampani ichepetsa ndalama, gulu laling'ono ligwa. Choncho eni magalimoto enieniwo sangakondwe ndi maganizo anuwa. Komanso ochemerera NASCAR amadziwika kuti sadana ndi makampani: munthu amavala chipewa cha kampani imene ili pa galimoto ya dalaivala wake, n'kumagula katundu wake monyadira. Chimene amadana nacho ndi kubisiridwa mpikisano mbendera yobiriwira, yosonyeza kuti magalimoto akuthamangadi, ili m'mwamba.

Mwina munena kuti nanga Formula 1 bwanji? Mu 2018 kanema ya ESPN inadula mpikisano wa Formula 1 wa ku Australia ndi malonda, anthu anakwiya, ndipo inayamba kuonetsa yotsalayo osadula, kampani ya Mothers Polish ikulipira kuti dzina lake lizitchulidwa. Zinatheka chifukwa mpikisano wa Formula 1 nthawi zambiri sufika maola awiri, ndipo ESPN inali itaupeza motchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene Fox ndi NBC zimalipira NASCAR.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yothandiza ndi yogawa sikirini pawiri, malonda mbali ina, mpikisano mbali ina. Si yatsopano. TNT inaiyesa pa mpikisano wa Julaye ku Daytona mu 2007, ESPN inaigwiritsa ntchito mu 2011 pa mipikisano yomaliza chaka, ndipo mu 2025 Prime Video, pa mipikisano yake isanu kuyambira ndi Coca-Cola 600, inkasiya magalimoto akuoneka pakona nthawi yonse imene ankathamangadi. Malonda odzaza sikirini yonse malo ake alipo kale. Kuyambira 2017 mpikisano umagawidwa m'zigawo, ndipo pakutha pa chigawo magalimoto amayenda pang'onopang'ono pansi pa mbendera yachikasu. Apo atsatse mmene angafunire. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ngakhale anaikapo nthawi zopumirazi, ena amadulabe mpikisano uli pakati. Pamenepo palibe chifukwa chomveka, ndipo oonera ali ndi ufulu wodandaula mokweza, monga anachitira a Formula 1.

Pakadali pano, ngati ndalama yolipira muli nayo, iikeni pamene ingakupindulireni. Pulogalamu ya pafoni ya NASCAR imakulolani kumvera madalaivala akulankhulana ndi magulu awo, ndipo mawu amenewo sadulidwa a kanema akapita kukatsatsa. Kuyambira 2025, HBO Max imaonetsanso makamera a m'kati mwa magalimoto. Ndipo poti muli ku North Carolina, bwalo la Charlotte Motor Speedway lili ku Concord, pafupi ndi kumene magulu ambiri amakonzera magalimoto awo. Gulani tikiti ya Coca-Cola 600 kumapeto kwa Meyi, mutenge zotsekera m'makutu, mukabwereke wailesi yomvera madalaivala pabwalo pomwepo, ndipo maulendo onse 400 mukawaona ndi maso anu.