Kugulitsa nyumba ku South Africa: fomu youlula zovuta za nyumba

FUNSO: Ndikugulitsa nyumba yanga ku Johannesburg kuti ndibwerere kumudzi. Ejenti wanditumizira fomu pa imelo yoti ndiululemo zovuta za nyumbayo. Denga linkadontha koma ndinakonzetsa, komanso ndinamanga kachipinda kuseri popanda pulani. Kodi ndizilembe zimenezi? Nanga ndingasainire pa foni? — Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri muzilembe. Kuyambira pa 1 February 2022, lamulo la Property Practitioners Act la 2019 limaletsa ejenti kulandira ntchito yogulitsa nyumba mwini wake asanadzaze ndi kusaina fomuyi. Wogula amaiona asanatchule mtengo wake, kenaka imaphatikizidwa ku mgwirizano wogulitsirana. Ikasowa, lamulo limatenga ngati simunaulule kalikonse.

Fomuyo muitsegule pa kompyuta, chifukwa pa foni timabokosi timachepa ndipo chala chimagwera polakwika. Pulogalamu yaulere ya Adobe Acrobat Reader imalola kulemba pa PDF. Fomuyo imafunsa za denga, magetsi, mapaipi a madzi, zimbudzi, ming'alu, chinyontho ndi mikangano ya malire. Pamafunso amenewa, "inde" akutanthauza kuti vuto mukulidziwa. Koma funso la zomanga zowonjezera linalembedwa mosemphana: "inde" wake akutanthauza kuti chilolezo munatenga. Amene amangochonga mothamanga amalakwitsa pomwepa. Inu muyankhe "ayi", ndipo m'munsi, pamalo ofotokozera, mulembe kuti kachipindako kalibe pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Ndi bwino kupezeratu wojambula mapulani kuti ajambule kachipindako monga kalili n'kukapereka ku khonsolo, popeza banki ya wogula ikhoza kufuna mapulaniwo.

Za denga, mawu oti "ndinakonzetsa" sakwanira. Tchulani mbali imene inkadontha, mwezi ndi chaka chimene anakonza, zimene anasinthapo, komanso ngati ladonthanso mvula itagwa. Jambulani malisiti ndi foni, muwatumize pamodzi ndi fomuyo. Musadalire mawu a voetstoots amene ali mu mgwirizano, oti wogula watenga nyumba mmene ilili. Sateteza munthu amene wabisa dala chilema chimene akuchidziwa, ndipo wogula akhoza kukusumirani ngakhale mutafika kale kumudzi.

Kudzaza pa kompyuta kulibe vuto, koma posaina tikulangizani cholembera. Lamulo la 2002 lovomereza siginecha za pa intaneti silikhudza migwirizano yogulitsa malo ndi nyumba, ndipo fomuyi imakhala mbali ya mgwirizanowo. Isindikizeni, musaine, muike zilembo zoyamba za dzina lanu patsamba lililonse, muijambule ndi makina a sikana, kopi imodzi musunge. Giza (thanki yotenthetsera madzi) ikaphulika kapena khoma likang'aluka wogula asanasaine, dziwitsani ejenti pa imelo ndipo mudzaze fomu yatsopano ya tsiku limenelo.