Bisani nkhope, siyani mapazi aoneke

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira za muofesi pa bungwe lina ku Lilongwe. Akuti asamukira m'nyumba yatsopano momwe onse akukhala m'chipinda chimodzi chachikulu, ndipo abwana alamula kuti pamangidwe tizipinda tiwiri toimbiramo foni. Funso lawo n'lakuti aike galasi lotani: loonekera, la frosted lija lochita mbuu, la tinti ija yooneka ngati kalilole, kapena lamagetsi lija losintha ndi switchi.

Achemwali, imelo yanuyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatseka laputopu n'kukakhala pakhonde. Mwandikumbutsa tsiku limene sindikonda kulikamba. Ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambe ndi za tsikulo, chifukwa zonse zimene ndimakhulupirira pa nkhani ya magalasiyi zinachokera pamenepo.

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina ku Johannesburg, cha ku Rosebank. Tinalipo anthu oposa 40 m'chipinda chimodzi, madesiki ali ndandanda ngati mizere ya m'munda. Pakona panali tizipinda titatu ta munthu mmodzimmodzi. Mkati munali kampando kakatali, kashelefu kongokwana laputopu, getsi loyaka lokha ukangolowa, ndi kafani kolira chapansipansi kudenga. Chitseko chinali galasi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo khoma lakumbuyo nalonso linali galasi. Alendo akabwera ankatijambula tizipindato, chifukwa tinali tokongoladi.

Tsiku lina Lachiwiri, cha m'ma 11 koloko m'mawa, foni yanga inalira pa WhatsApp. Anali achimwene anga aakulu ku Ntcheu. Iwo saimba nthawi ya ntchito, amangotumiza uthenga, choncho mtima unagunda ndisanayankhe n'komwe. Ndinathamangira m'kachipinda kapakati, n'kukoka chitseko. Anangoti, "Mlongo, khala kaye pansi." Ndinakhala pa kampando kaja. "Bambo atisiya m'mawa uno."

Ndinalira mmene munthu amalirira bambo ake. Mawu anga sanatuluke panja, pamenepo pokha kachipindako kanagwira ntchito yake. Koma nditakweza mutu ndinaona mnyamata wa ku akaunti ataima ndi kapu ya khofi m'manja, akundiyang'ana, kenako n'kuzyolika. Ndinatembenukira kumbuyo, uko nakonso kunali galasi, ndipo anthu anayi anali pa tebulo la msonkhano, onse maso ali pa ine. Palibe amene ankamva kanthu, choncho palibe amene ankadziwa chochita. Ankangoona mzimayi akugwedezeka, kukamwa kuli yasa, ngati TV yozimitsa mawu. Kwathu maliro akagwa, wolira amamveka, anthu amathamanga, amayi amamugwira m'mapewa n'kumufunditsa chitenje kumutu. Ine chitenje ndinalibe. Ndinavula juzi n'kufunda kumutu.

Sindikudziwa kuti panadutsa mphindi zingati. Nditachotsa juziyo ndinaona msana wa munthu. Mayi wina wachikulire amene ankakolopa mu ofesimo anali ataima kunja kwa chitseko, atafulatira galasi, mopu ali nayo m'manja, akuyang'ana anthu aja. Sanagogode, sanatsegule, sanandifunse kanthu. Anangoima pamenepo, thupi lake n'kutchinga pamene panali nkhope yanga, mpaka nditapukuta misozi n'kutuluka ndekha. Mayi ameneyo ndimamupempherera mpaka lero.

Ndiye mukandifunsa za galasi loonekera lokhalokha, yankho langa ndi ayi, ndipo sindinyengerera. Amene amajambula mapulani a maofesi amaganiza kuti m'tizipindamu mumakambidwa za malonda zokha. Si zoona. M'menemo ndi momwe munthu amamvera zotsatira za kuchipatala. Ndi momwe amachonderera alandilodi kuti adikire mpaka pa 30, momwe amalankhulira ndi aphunzitsi a mwana wake amene wabwezedwa chifukwa cha fizi, momwe amakanganirana ndi amuna ake chapansipansi. Munthu amene wachotsa zipupa zonse mu ofesi walanda anthu malo obisalirako, ndipo kachipinda kameneka n'kokhako kamene wawabwezera. Akakapanganso koonekera mbali zonse ndiye kuti wapereka ndi dzanja ili n'kulanda ndi linalo. Ndinene mosabisa: mabwana ambiri amene amakakamira galasi loonekera si kuti akonda kuwala ayi, akufuna aziona amene wakhalitsa pa foni. Ngati abwana anu ali otero, vuto lawo si la galasi.

Koma musafulumire kuganiza kuti ndikunena kuti mutseke ponseponse, chifukwa zimenezonso ndinaziona. Patapita miyezi, anthu atadandaula, ofesi ija inamata filimu yoyera, kapulasitiki kopyapyala kotchinga maso, pa galasi lonse, pansi mpaka pamwamba. Sabata yoyamba tinasangalala. Kenako mavuto ena anayamba. Sunkadziwa ngati muli munthu kapena ayi, choncho anthu ankangokoka chitseko uli pakati pa nkhani. Ena ankalowa ndi laputopu m'mawa n'kutulukamo nthawi ya nkhomaliro, anzawo ali pa mzere ndi foni m'manja. Mkatimo munayamba kumveka mothina ngati m'bokosi, moti mnzanga wina amene amabanika m'malo opanikiza anasiyiratu kulowamo, ankakaimbira foni pa masitepe. Ndipo chimene chinandikhudza kwambiri, mtsikana wina amene anali atangoyamba ntchito anandinong'oneza kuti amachita mantha bwana wake akamuitanira m'kachipinda kachinayi ka anthu awiri, chifukwa palibe amene angaone zochitika mkatimo. Sananene kuti anamuchita kanthu. Anangoti amachita mantha, ndipo ine ndinamumvetsa popanda kufunsa zambiri. Ganizaninso za munthu wa shuga kapena wa BP amene wakomokera mkati. Adzamupeza ndani, nthawi yanji?

Yankho lake ndinalipeza nditapita kumudzi kukamanga chiliza cha bambo. M'mawa wina ndinali ndi ndowa m'manja kupita kubafa, bafa lathu la udzu lija la kuseri kwa khola. Ndili patali ndinadziwa kale kuti muli munthu: chitenje chinali chitayanikidwa pa mpanda, pansi pa udzupo pankaoneka mapazi ndi madzi a sopo akuyenderera. Sindinafunike kufika pafupi, ngakhale kunena "odi". Ndinangotula ndowa n'kudikira. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza kuti agogo athu nkhani imeneyi anaithetsa kalekale ndi udzu ndi luzi. Chimene chiyenera kubisika chabisika, chimene chiyenera kudziwika chadziwika, mpweya ukulowa, kumwamba kukuwala. Kachipinda ka foni kamafunika kotero basi.

Tsono magalasi anu aja

Tinti yooneka ngati kalilole, imene ogulitsa amaitcha one-way, iwalani. Imabisa munthu pokhapokha ngati mbali imene iye ali kuli mdima kuposa mbali inayo. N'chifukwa chake imagwira bwino pa mawindo a nyumba masana, dzuwa lili kunja, koma usiku mukayatsa getsi wodutsa pamsewu amakuonani bwinobwino pamene inu mukungodziona nokha. M'kachipinda ka foni getsi lili pamutu penipeni pa munthuyo. Madzulo magetsi ena a mu ofesi akazimitsidwa, iye aziona kalilole n'kumaganiza kuti wabisika, chonsecho aliyense akumuona. Kuli bwino galasi loonekera, poti munthu amadziwa kuti akuoneka, kusiyana ndi galasi lomunamiza.

Galasi lamagetsi, lomwe pa makoteshoni amalemba kuti smart glass kapena PDLC, n'losangalatsa kuliona. Pakati pake pali kansalu ka timadontho ta liquid crystal. Magetsi akalowa timadonthoto timafola mzere umodzi, kuwala n'kumadutsa, galasi n'kuonekera. Magetsi akachoka timabalalika, galasi n'kuchita mbuu ngati chifunga. Ndiye kuti magetsi akazima limakhala lotseka, zomwe kwathu kuno n'zofunika kuzidziwa musanagule. Koma ine sindingakulangizeni. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri poyerekeza ndi filimu wamba, limafuna mawaya ndi thiransifoma yake, ndipo likafa mudzadikira wolikonza nthawi yaitali. Komanso pali china chimene ogulitsa sanena: munthu akadina switchi galasi n'kuchita mbuu, ofesi yonse imadziwa kuti foni imeneyo ndi yachinsinsi. Tsiku lija ine sindikanakumbukira n'komwe kuti pali switchi.

Frosted ilipo mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali galasi limene analikwecha kufakitale, ndi mchenga kapena ndi asidi, ndiye pali filimu yomata pa galasi loonekera. Lokwecha ndi mchenga limagwira msanga mafuta a m'manja, zala zimatsala pamenepo. La asidi n'losalala, losavuta kupukuta. Onse awiri ndi a mpaka kalekale, mukalakwitsa muyezo mwalakwitsa. Filimu imamatuka, mukhoza kuisintha, ngakhale kuti yotchipa imayamba kutukuka m'makona, makamaka okolopa akamaikhula ndi zolimba. Dziwaninso kuti frosted iliyonse imabisa bwino chinthu chimene chatalikira galasi. Munthu akatsamira galasilo mthunzi wake umaoneka ndithu, ndipo m'kachipinda kakang'ono munthu amakhala pafupi nalo nthawi zonse. Choncho musasankhe filimu poyang'ana pa kabuku. Pemphani kachidutswa, mumate, wina alowe.

Pali galasi linanso la mizeremizere, lotchedwa reeded kapena fluted, limene limaphwanya chithunzi moti umaona kuti muli munthu wovala zofiira koma nkhope suizindikira. Ndimalikonda, koma kulipeza lili lolimbitsidwa kale pa saizi yanu kungakuvuteni. Ndipo ngati nkhawa yanu ili pa sikirini zokha, monga za malipiro a anthu, kuli filimu ya kampani ya Designtex yotchedwa Casper imene imachititsa sikirini zambiri za LED kuoneka zakuda kwa amene ali panja, galasi lili loonekera. Imabisa sikirini, nkhope ayi.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ambiri amagwa apa. Kubisa maso ndi kubisa makutu ndi nkhani ziwiri. Filimu ya frosted sitchinga mawu ngakhale pang'ono. Choopsa n'chakuti munthu akadziona kuti wabisika amamasuka, mawu amakwera, ndiye ngati chitseko chili ndi mpata pansi, ofesi yonse imamva za ngongole yake. Chimene chimagwira mawu ndi kulemera kwa galasi, galasi la laminated, lija la magalasi awiri omatidwa ndi kapulasitiki ka PVB pakati, komanso koposa zonse malabala a m'mbali mwa chitseko. Tizipinda topangidwa kale ta makampani ngati Framery ya ku Finland timayesedwa ndi muyezo wa ISO 23351-1 umene unatuluka mu 2020, ndipo ta gulu A timachepetsa mawu ndi 30 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) kapena kuposerapo pang'ono. Inu ngati mukumangitsa kwa amisiri a aluminiyamu a m'tauni pepala losonyeza muyezo umenewo simulipeza, choncho muyezo wanu ukhale makutu: wina alowe awerenge nyuzipepala mokweza, inu mukhale pa desiki yapafupi. Mukamva mawu oti n'kuwatola, musalipire ndalama yomaliza. Ndipo pamene mwatseka mipata yonse, kafani kolowetsa ndi kutulutsa mpweya n'kosakambirana, apo ayi mu Okutobala palibe adzalowemo.

Musalolenso galasi wamba la mawindo pa chitseko. Likasweka limatuluka zidutswa zazitali ngati mipeni. Likhale toughened, lija limasweka tizidutswa ting'onoting'ono, kapena laminated, limene limang'aluka koma osagwa. Toughened silidulidwa kapena kubooledwa likalimbitsidwa kale ndi moto kufakitale, ndiye mabowo a chogwirira ndi mahinji ayezedwe lisanaitanitsidwe. Ku England malamulo a zomangamanga amafuna kuti zitseko ndi makoma a galasi m'malo ngati maofesi zikhale ndi zizindikiro pa misinkhu iwiri, mamilimita 850 mpaka 1000 ndi 1400 mpaka 1600 kuchokera pansi, kuti anthu asamaombe galasi poganiza kuti ndi potseguka. Lamba wa filimu womata mopingasa pakati pa galasi amathetsanso vuto limenelo nthawi imodzi.

Ndiye Achemwali, chitani izi. Makoma a m'mbali ndi kumbuyo akhale otseka, galasi likhale kutsogolo kokha. Likhale laminated loonekera, kenako mumatepo lamba wa filimu ya frosted yokhuthala bwino kuyambira cha pa masentimita 70 kuchokera pansi kufika cha pa 170 kapena 180, kuti nkhope ndi sikirini zibisike kaya munthu wakhala kaya waima. Pansi pakhale poonekera, pamwambanso. Ka anthu awiri kaja, ngati kadzakhalepo, lamba wake akhale wopepukirapo kuti mithunzi ya onse awiri izidziwika. Kampando kayang'ane cham'mbali, osati kuchitseko, ndipo tizipindato tisayang'anizane ndi desiki ya abwana.

Musanaitanitse filimu, tengani mapepala a A4 ndi selotepi, mumate pa galasi pa msinkhu umenewo. Alowe munthu wamfupi kwambiri pa ofesi panu, kenako wamtali kwambiri, akhale, aime. Alowenso mayi wovala siketi akhale pa kampandoko, chifukwa mwina mupeza kuti masentimita 70 akweza kwambiri ndipo lamba ayenera kutsikira pa 50 kapena 40. Inu muzungulire ofesi yonse, mukhale pa desiki iliyonse yoyang'ana kumeneko, mukwerenso masitepe ngati alipo muone kuchokera pamwamba. Pa tsiku loyesalo muitanenso amayi amene amakolopa ndi a mesenjala, nawonso alowe anene maganizo awo, ndipo muwauze pamaso pa abwana kuti tizipindato ndi tawonso foni ya kumudzi ikalira.