Karrot ya ku South Korea: app imene inakula chifukwa chokana ogula akutali

Wowerenga wina, amene akuti akuphunzira kupanga mapulogalamu a pafoni ku Lilongwe, watumiza imelo yofunsa motere: "Ndikufuna kupanga app yoti anthu azigulitsiranapo katundu amene anagwiritsa kale ntchito, monga mafoni, mipando ndi mafiriji. Kodi ilipo app yotere imene inayamba pang'ono n'kukula, yoti ndiphunzirepo? Nanga ngati sidula komishoni, ndalama imazipeza kuti?"

Achimwene, ilipo. Imene ndikuona kuti ingakuthandizeni kwambiri ndi ya ku South Korea, yomwe kwawoko amaitchula Danggeun ndipo kunja imadziwika kuti Karrot. Ndasankha imeneyi chifukwa inachita zimene opanga ma app ambiri amaopa: inadziikira mpanda, n'kuletsa munthu kugula kapena kugulitsa kutali ndi kumene amakhala.

Inayamba mu Julaye 2015 ku Pangyo, dera la mumzinda wa Seongnam kumwera kwa Seoul, kumene kuli maofesi ambiri a makampani a zamakompyuta. Awiri mwa amene anaiyambitsa, Kim Yong-hyun ndi Kim Jae-hyun, ankagwira ntchito ku Kakao, kampani yaikulu ya zaintaneti ya ku Korea. Kumeneko anaona kuti ogwira ntchito ankagulitsana katundu mosavuta patsamba la mkati mwa kampaniyo. Wogulitsa sakananama za katundu wake chifukwa mawa lake akumananso ndi wogulayo pakhonde la ofesi, ndipo panalibe zotumiza katundu pa positi. Iwo anangotenga zimenezi n'kuzikulitsa kuti zifikire makampani onse a ku Pangyo. Kuti munthu alowe, ankayenera kutsimikizira ndi imelo ya kuntchito kwake.

Posakhalitsa anthu wamba okhala m'deralo, makamaka amayi olera ana, anayamba kupempha kuti nawonso aloledwe. Amayi otere amakhala ndi katundu amene amasiya kugwira ntchito asanathe: zovala zimene mwana wakula nazo, zidole, mabuku, kabedi. Mu Okutobala chaka chomwecho eni ake anasintha dzina kukhala Danggeun Market, anasiya za imelo ya kuntchito, n'kuyamba kutsimikizira munthu ndi nambala ya foni komanso GPS. Apa ndi pamene app yeniyeni inabadwira.

Mpanda uja umagwira ntchito chonchi. Polembetsa, munthu amasankha dera limene amakhala, kenako amayatsa GPS kuti foni isonyeze kuti alidi m'deralo. Amaloledwa madera awiri okha, mwachitsanzo kunyumba ndi kuntchito, ndipo pakapita nthawi amafunika kutsimikiziranso. Katundu amene amamuona ndi wa anthu okhala pamtunda wosapitirira makilomita pafupifupi 6, ndipo angathe kuchepetsa mtundawo koma sangauwonjezere. Munthu wa ku Busan, mzinda wakutali ndi Seoul, sangalankhule ndi wogulitsa wa ku Seoul ngakhale atakhala ndi ndalama m'manja.

Poyamba zimaoneka ngati kudzimana makasitomala. Koma taganizirani mmene malonda a katundu wotere ankayendera ku Korea nthawi imeneyo. Msika waukulu unali Joonggonara, gulu limene linayamba mu 2003 pa Naver, tsamba lalikulu la intaneti la ku Korea, ndipo malonda ambiri ankachitika pakati pa anthu otalikirana: wogula atumize ndalama ku banki, wogulitsa atumize phukusi. Akathyali anapezerapo mpata. Nkhani za anthu amene analipira foni n'kulandira njerwa m'katoni zinatchuka dziko lonse. Wogula ndi wogulitsa akakhala oyandikana, vuto limeneli limachepa lokha. Amapangana kukumana pakhomo la siteshoni ya sitima kapena kutsogolo kwa golosale, wogula amaugwira katunduyo, amauyesa, ndiye n'kulipira. Palinso phindu lina limene ambiri saliganizira. Katundu wotsika mtengo kapena wolemera, monga mpando, shelefu kapena chidole, sangagulitsike patali chifukwa ndalama yotumizira imaposa mtengo wake. Pafupi amagulitsika, ndipo wina amangoperekedwa ulere. Zimenezi zinadzaza app ndi katundu wa tsiku ndi tsiku, anthu n'kuyamba kuitsegula ngakhale asakufuna kugula kanthu.

Sanatsegule dziko lonse nthawi imodzi. Kwa zaka zoposa ziwiri ankatsegula dera limodzi, kudikira kuti lidzaze, kenako n'kupita ku loyandikana nalo. Dziko lonse analitsegula mu Januwale 2018, ali ndi anthu pafupifupi 500,000 ogwiritsa ntchito app pamwezi. Chifukwa chake n'chomveka. Anthu 5,000 omwazikana m'dziko lonse sangagulitsane kanthu, poti aliyense akatsegula amapeza katundu awiri kapena atatu akale, n'kuchoka osabwereranso. Anthu 5,000 omwewo ali m'dera limodzi amapanga msika umene ukusintha ola lililonse. Ine ndimaona kuti phunziro lalikulu pa nkhani yonseyi lili pamenepa, kuposa pa luso la mapulogalamu.

Chinthu china chimene anachita bwino ndi njira yoyezera khalidwe la munthu. M'malo mwa nyenyezi zisanu, aliyense amayamba ndi madigiri 36.5, kutentha kwa thupi la munthu wabwinobwino, ndipo angakwere mpaka 99. Malonda akatha, awiriwo amapatsana maganizo: kodi anafika pa nthawi yake, ankayankha msanga, katundu anali monga anafotokozera? Mayankho abwino amakweza nambalayo pang'onopang'ono, madandaulo amaitsitsa. Amene ali pansi pa 36.5 anthu amamuzemba. Ubwino wake ndi wakuti watsopano samayamba pa ziro ngati wolakwa, komanso nambala yapamwamba siipezeka sabata imodzi, choncho munthu amene waimanga kwa zaka safuna kuitaya chifukwa cha foni imodzi yakufa.

Analetsanso amalonda enieni kuika katundu wawo pakati pa katundu wa anthu wamba. Munthu akamaika zinthu zatsopano zofanana mobwerezabwereza, amachotsedwa. Lamuloli ndi lowawa koma ndi lofunika. Msika wotere ukangolola ogulitsa ambiri a m'mashopu, tsamba loyamba limadzaza ndi katundu wawo, mayi wogulitsa mbaula yake imodzi samaonekanso, ndipo anthu wamba amasiya kuika zawo. Amashopu anapatsidwa malo awoawo, kumene amatsegula tsamba la bizinesi n'kumalipira akafuna kudzitsatsa.

Tafika pa funso lanu lachiwiri. Pa malonda a pamasom'pamaso pakati pa anthu awiri, Karrot sitenga komishoni, ndipo kunena zoona singathe kuitenga, chifukwa ndalama zimadutsa m'manja kunja kwa app. Akanayesa kukakamiza, anthu akanamangopatsana manambala n'kukamalizira kwina. Ndalama zake pafupifupi zonse zimachokera kwa otsatsa malonda. Chimene imagulitsa ndi chidziwitso choti munthu uyu amakhaladi m'dera lakuti. Mwini saluni, malo odyera kapena sukulu yophunzitsa ana madzulo alibe chochita ndi anthu a mumzinda wina, amafuna okhawo amene angafike pakhomo pake wapansi. Kale ankasindikiza timapepala n'kumagawa m'misewu. Pano amasankha madera, n'kulipira kuti uthenga wake uoneke kwa anthu a komweko.

Koma dziwani kuti njira imeneyi imachedwa kubala. Kampaniyi inakhala zaka zambiri ikuluza, ikuyendera ndalama za oika mpamba. Mu 2019 inalandira ma won (ndalama ya ku South Korea) 40 biliyoni kuchokera ku makampani oika mpamba a Altos Ventures, Goodwater Capital ndi ena. Mu Ogasiti 2021 inalandira pafupifupi madola 162 miliyoni a ku America, DST Global ndi imene inatsogolera, ndipo kampaniyo inawerengedwa kuti ndi ya ma won 3 thililiyoni. Pakati pa zaka zimenezi panagwa mliri wa Covid-19, anthu anakhala m'nyumba, anayamba kusesa katundu amene sankamufuna komanso kuyendera pafupi, ndipo mu 2020 ogwiritsa ntchito app pamwezi anapitirira 10 miliyoni. Pofika 2022 olembetsa anadutsa 30 miliyoni m'dziko la anthu pafupifupi 51 miliyoni, koma chaka chimenecho kampani inali ikuluzabe. Phindu loyamba la pachaka linabwera mu 2023, patatha zaka 8: ndalama zolowa zinali ma won 127.6 biliyoni, phindu la ntchito 17.3 biliyoni.

M'zaka zomwezo anawonjezera zina pamwamba pa msika: bwalo la nkhani za m'dera kumene anthu amafunsana za galu wotayika kapena chipatala chotsegula usiku, maganyu, nyumba, magalimoto, ndi Karrot Pay yotumizirana ndalama, imene inayamba pa chilumba cha Jeju kumapeto kwa 2021 n'kufalikira dziko lonse mu 2022. Mu Ogasiti 2023 anachotsa mawu akuti Market pa dzina. Kunja analowa ku Britain mu 2019, Canada ndi United States mu 2020, Japan mu 2021. Kumeneko kakulidwe kake sikanafanane ndi ka kwawo. Ku Korea pafupifupi theka la anthu limakhala ku Seoul ndi madera ozungulira, ambiri m'nyumba zosanjikizana, choncho makilomita 6 amakwana anthu mazanamazana. Ku Canada anthu ndi omwazikana ndipo amayenda pa galimoto, ndiye mpanda uja anaukulitsa kwambiri. Anapezanso Facebook Marketplace, imene inayamba mu Okutobala 2016, ndi Kijiji, tsamba la ku Canada logulitsiranapo katundu, zitakhazikika kale.

Musaganize kuti kuyandikana kunathetsa umbava. Kunangosintha maonekedwe ake, ndipo muyenera kuwadziwa musanalembe mzere woyamba wa pulogalamu yanu. Chinyengo chofala ndi cha anthu atatu. Kathyali amaona wina akugulitsa chinthu chodula, monga golide, n'kumuuza kuti agula. Nthawi yomweyo amanamiza munthu wina kuti akumugulitsa chinthu china, n'kumupatsa nambala ya akaunti ya wogulitsa golide uja. Ndalama zikalowa, wogulitsayo amaganiza kuti walipidwa ndipo amapereka golide kwa kathyali. Wotumiza ndalama uja akadandaula ku banki, wogulitsa wosalakwa uja ndiye amagwidwa. Chotchinga chake n'chosavuta: dzina la wotumiza ndalama lifanane ndi la munthu amene waima patsogolo panu. China ndi chakuti wogulitsa amati wasiya katundu pachitseko chake, mutumize ndalama kenako akuuzani nambala ya nyumba. Ndalama zikapita, foni imazima. Palinso osungitsa katundu osabwera, ndi ofika pamalo n'kuyamba kunenerera mtengo umene munagwirizana kale. Zimenezi sizikuba ndalama koma zimatopetsa ogulitsa, n'chifukwa chake pamafunika batani losonyeza ngati mtengo ndi wokambirana kapena ayi, ndi malo olembapo nthawi yokumana mkati mwa macheza.

Nanga kwathu kuno? Mpikisano wanu woyamba si app ina ayi, ndi magulu a WhatsApp ndi a Facebook amene anthu ali nawo kale ndipo bandulo yake ndi yotchipa. Munthu adzafuna chifukwa chomveka choti adyere malo m'foni yake ndi app yanu. Kumbukiraninso kuti OLX, tsamba logulitsiranapo katundu lokhala ndi ndalama za kampani yaikulu ya ku South Africa ya Naspers kumbuyo kwake, inamaliza n'kugulitsa bizinesi yake ya ku Nigeria, Ghana, Kenya, Tanzania ndi Uganda kwa Jiji, kampani imene inkapikisana nayo, mu 2019. Kukhala ndi anthu ambiri otsegula app sikutanthauza kuti otsatsa olipira alipo okwanira.

Ndikanakulangizani kuti muyambe ndi malo amodzi okhala ndi anthu othithikana amene katundu wawo amasinthana manja pafupipafupi, monga sukulu ya ukachenjede, kumene omaliza maphunziro amasiya matiresi, mahotipuleti ndi malaputopu chaka chilichonse, kapena dera limodzi ngati Area 25. Musanatsegule, yendani nokha mupeze katundu weniweni wa anthu enieni, mumujambule, kuti wolowa tsiku loyamba asapeze tsamba lopanda kanthu. Zithunzi zichepetsedwe kukula pafoni zisanatumizidwe, apo ayi bandulo ya munthu idzatha asanaone katundu khumi. GPS ya mafoni otchipa imaphonya, ndipo ambiri amaizimitsa posunga batire, choncho ifunseni polembetsa ndi poika katundu basi. Kumalo kumene nyumba zilibe manambala odziwika, konzeranitu mndandanda wa malo okumanirana oonekera, monga pa filing'i siteshoni, pachipata cha sukulu kapena pafupi ndi polisi, ndipo kukumana kukhale kwa masana.

Za malipiro, musasunge ndalama za anthu poyamba, chifukwa zimenezo zimakhudza malamulo a Reserve Bank. Alipirane okha pa Airtel Money, Mpamba kapena pamanja, koma app iziwakumbutsa zinthu ziwiri pa macheza aliwonse: osatumiza dipoziti katundu asanamuone, ndipo wogulitsa aone balansi yake yeniyeni osati uthenga wa SMS wokha, poti mauthenga abodza onena kuti ndalama zalowa ndi ofala. Pa mafoni, amene adzakhale katundu wanu wotentha komanso wobweretsa milandu, wogula ayimbe *#06# kuti aone IMEI, nambala yodziwira foniyo, n'kuifananiza ndi ya pakatoni kapena pa lisiti, ndipo wogulitsa achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud wogulayo akuona. Foni yobedwa ikadzalondoledwa, apolisi amayambira kwa amene ali nayo m'manja.

Poyeza ngati zikuyenda, musawerenge anthu amene atsitsa app. Dera lililonse muziona zinthu zitatu sabata ndi sabata: katundu watsopano amene waikidwa tsiku lililonse, gawo la katunduyo limene lalandira uthenga pasanathe maola 24, ndi anthu amene abweranso mwezi wotsatira. Dera lachiwiri mulitsegule pokhapokha manambala a loyamba akukwera okha inu musakupemphanso anzanu kuti aike katundu, ndipo likhale logundana ndi loyambalo kuti okhala m'malire aziona misika yonse iwiri.